Bakhita, dzina limene anapereka ogulitsa akapolo

M'mabuku athu a ubatizo muli a Maria, a Tereza ndi a Rosa osawerengeka, koma dzina lakuti Bakhita limapezeka mwa apo ndi apo. Tikamaphunzitsa makolo amene akukonzekera ubatizo wa ana awo, timawauza kuti dzina la woyera limapatsa mwana mthandizi kumwamba ndi citsanzo pansi pano. Koma dzina ili lili ndi ciyambi cowawa, pakuti amene analipereka sanali mayi, atate kapena agogo.

Mtsikanayo anabadwa ca m'ma 1869 ku Darfur, m'dziko la Sudan. Asanakwanitse zaka 10 anagwidwa ndi anthu osaka akapolo, ndipo mantha anamuiwalitsa ngakhale dzina limene anapatsidwa kwawo. Omugwirawo ndiwo anamutcha Bakhita, liwu la Ciarabu lotanthauza "wamwayi". Ife a m'mbali mwa nyanja ya Niassa, kumene makolo athu ena anamangidwa m'magoli kupita kugombe, sitifunikira wotimasulira cipongwe cimene cili m'dzina lotere. Mwayi wanji kwa mwana wogulitsidwa kangapo m'misika ya El Obeid ndi Khartoum, wotemedwa mphini zoposa 100 n'kuthiridwa mcere m'mabala?

Kazembe wa Italy, Callisto Legnani, anamugula ku Khartoum ndi kupita naye kwawo mu 1885. Kumeneko analera mwana wa banja la Michieli, ndipo pokhala ndi mwanayo kwa masisitere a Canossa ku Venezia, anamva za Yesu. Atabwera kudzamutenga, iye anakana. Pa 29 Novembro 1889 bwalo la milandu linagamula kuti ndi mfulu.

Apa ndi pamene timafuna kuti akatekumeni athu aime n'kuganiza. Pa 9 Janeiro 1890 anabatizidwa, napatsidwa maina atatu: Giuseppina, Margherita ndi Fortunata. Dzina lacitatulo ndi Bakhita yemweyo m'Citaliyana. Tikadakhala ife, mwina tikadalitaya dzina la ukapololo monga citayira munthu nsanza. Mpingo sunatero. Liwu limene linanenedwa monyoza unalitenga n'kulinenanso pa madzi a ubatizo, ndipo nthawi iyi linali loona. Mwini wake anafika pomayamika Mulungu cifukwa ca njira yowawayo, popeza ndiyo inamufikitsa kwa Khristu, ndipo anakhululukira omuzunza. Mawu otere amayenera pakamwa pa iye yekha amene anali ndi zipserazo; ife tisawagwiritse nchito pocepetsa kuipa kwa ukapolo.

Anacita malumbiro a usisitere mu 1896, ndipo zaka zambiri anatumikira ku Schio, kuphika ndi kulandira alendo pakhomo, mpaka anamwalira pa 8 Fevereiro 1947. Papa Yohane Paulo II anamulengeza kuti ndi woyera pa 1 Outubro 2000. Dzina la kwa mayi ake silinadziwikenso.

Kuyambira 2015, tsiku lake la 8 Fevereiro ndi tsikunso lopempherera anthu amene akugulitsidwa masiku ano. Makolo amene asankhira mwana wawo dzina ili timawauza zonsezi, osabisa za atsikana a kwathu kuno amene amalonjezedwa nchito m'mizinda kapena ku Joni, n'kulandidwa mapepala awo akangofika.