Kompyuta ya Pakhomo, Kugula Lero Moganizira Mawa

Ana athu akufunika kompyuta ya ntchito za kusukulu, inenso ndimasowa polembera maphunziro a zaumoyo a kumpingo. Tikapatula chakhumi ndi ndalama ya chakudya zotsala n'zochepa, ndipo ngongole sitiifuna chifukwa imalanda tulo. Choncho tagwirizana kugula zipangizo chimodzichimodzi n'kulumikiza tokha.

Pa motherboard ndi power supply sitiumira, pakuti zina zonse zimadalira ziwirizi. Motherboard tasankha ya AM4 yokhala ndi malo anayi a RAM. Tiyamba ndi 8GB ya DDR4, ina tidzawonjezera tikakolola. Pogula samalani, DDR5 silowa pamalo a DDR4. Purosesa ndi Ryzen 5 5600G, imene imatulutsa zithunzi payokha, motero graphics card ikhoza kudikira. Tikadzagula yapakatikati, power supply ya mawati 550 idzakwanitsa. UPS sitisiya, poti magetsi akathima mwadzidzidzi, zimene mwana walemba zimatayika.

Kompyutayi izikhala pabalaza, poonekera aliyense, osati kuchipinda kumene ana angachezere nayo usiku wonse. Lachisanu dzuwa lisanalowe tiziizimitsa, kuti Sabata lizitipeza tili pamodzi.