Kwa Mwana Wanga Wopita ku Yunivesite: Uziwerenga Pepala la Malipiro

Kwa Malenga Chanzi,
Nkhotakota.

Wokondedwa mwana wanga,

Mawa ukukwera basi ya ku Mzuzu pamsewu wa M5. Zovala zako amayi ako alongedza, ufa wa kondowole ndi usipa wouma amanga kale. Changa ndi kalata ino. Wandiuza kuti wapeza ntchito ya madzulo ndi ya patchuthi kuti uzidzithandiza. Ndakondwa, koma pali za msonkho ndi penshoni zomwe uyenera kudziwa usanalandire khobidi loyamba.

Anzako adzakuuza kuti wophunzira sadulidwa msonkho. Si zoona. Bungwe lotolera misonkho la MRA silifunsa ngati uli pasukulu. Limangoona kukula kwa malipiro. Msonkho wa apantchito, PAYE, amadula ndi bwana wako ndalama isanafike m'manja mwako. Mu Epulo 2024 boma lidalamula kuti K150,000 yoyamba pamwezi isamadulidwe msonkho, ndipo yopitirira apo mpaka K500,000 izidulidwa K25 pa K100 iliyonse. Ndiye kuti wolandira K200,000 ankadulidwa pa K50,000 yokha, msonkho wake n'kukhala K12,500. Manambalawa amasintha ndi bajeti, choncho uzitchera khutu nduna ya zachuma ikamalankhula ku Nyumba ya Malamulo. Ngati malipiro ako sanadutse malire a chaka chimenecho, munthu asakudule ndi tambala yomwe m'dzina la PAYE.

Maganyu ali ndi njira yawo. Bungwe likakutuma kukafunsa anthu mafunso m'midzi kapena kulemba zinthu pakompyuta, lingakudule msonkho wotchedwa withholding tax, womwe pa ntchito zambiri zotere umakhala K20 pa K100. Usachoke wopanda satifiketi yosonyeza kuti ndalamayo yadulidwa. Ukalembetsenso ku MRA nambala yako ya msonkho, TPIN. Ndi ziwirizi ungathe kudandaula ngati adakudula mopyola.

Tsopano za penshoni. Kuno kwathu tilibe thumba limodzi la boma la apantchito onse ngati NAPSA ya ku Zambia. Kuyambira 2011 lamulo limakakamiza olemba ntchito kulowetsa antchito awo m'thumba la penshoni, ndipo lamuloli lidalembedwanso mu 2023. Iwe umasonkha K5 pa K100, bwana amawonjezera K10 kuchokera m'thumba mwake. Pa K200,000 ija, yako ndi K10,000, yake ndi K20,000. Imeneyi si msonkho. Ndi ndalama yako, ndipo imakutsatira ukasintha ntchito. Ukalembedwa ntchito ya mwezi ndi mwezi, funsa dzina la kampani yosunga penshoniyo, kaya ndi Old Mutual, NICO kapena ina, ndipo upemphe nambala yako ndi sitetimenti. Malume ako adagwira ntchito zaka zambiri akudulidwa mwezi uliwonse, koma atapuma adapeza kuti bwana sankapereka ndalamazo. Adalibe pepala ngakhale limodzi. Zotere zikakuonekera, pita ku ofesi ya zantchito ya m'boma, kapena ukadandaule ku Reserve Bank, yomwe imayang'anira za penshoni.

Waona wekha kunyanja kuno bwato la chilimira likafika m'mamawa: msodzi sachoka padooko zidebe za usipa zisanawerengedwe iye akuona. Pepala la malipiro uziliwerenga motero, mzere ndi mzere: malipiro onse, msonkho, penshoni, yotsala. Mapepalawo uzisunga mu envulopu imodzi pamodzi ndi kalata yokulembera ntchito, ndipo uziwajambulanso pafoni. Wina akati, "Tizikupatsa pamanja, za mapepala n'zochedwetsa," dziwa kuti tsiku lomwe udzavulale pantchito kapena kuchotsedwa udzasowa mboni.

Usaiwalenso ngongole ya sukulu yochokera ku Loans Board. Ukadzamaliza n'kuyamba ntchito, idzabwezedwa kuchokera pa malipiro ako omwewo. Udzabweze mosanyinyirika, pakuti azing'ono ako akudikira thumba lomwelo.

Msonkho woyenera upereke ndi mtima woyera. Mankhwala a pachipatala cha boma pa Nkhotakota pano ndi malipiro a aphunzitsi ako amadalira ndalama imeneyi. Koma chomwe ukupitira ndi sukulu. Ntchito ikayamba kukulanda nthawi ya kalasi, isiye undiimbire foni. Ndi bwino tigulitse matumba a mpunga kusiyana n'kuti ulephere mayeso.

Pepala loyamba ukalandira, unditumizire pa WhatsApp tiwerengere limodzi. Mulungu akutsogolere.

Ndine bambo ako okukonda.