Mabatani Akathawa pa Excel

Ndimakonza makompyuta kuno ku Ching'ambo, mu Mzuzu, komanso ndimalemba ma macro, timapulogalamu tating'ono ta mu Excel ndi Word. Ondipeza ambiri ndi alembi a sukulu za pulayiveti, asungichuma a magulu obwereketsana ndalama ndi eni mashopu. Dandaulo lawo limafanana: "Achimwene, mabatani anga aja athawa." Amanena menyu yomwe wina anawapangira m'mawu a ntchito yawo: "Lowetsani masheya", "Werengerani chiwongoladzanja", "Sindikizani lipoti la mwana".

Mabataniwo sathawa okha. Kompyuta ikagwidwa ndi vayirasi, munthu amapulumutsa mafayilo ake pa fulashi, n'kukaifomatitsa. Koma menyu ija nthawi zambiri simakhala m'mafayilo amenewo. Excel 2003 inkaisunga m'kafayilo kobisika kotchedwa Excel11.xlb, pomwe Word inkasunga zake mu Normal.dot. Ma Office a masiku ano amaisunga m'mafayilo a officeUI, ndipo ma macro a munthu amagona mu PERSONAL.XLSB, mufoda ya XLSTART. Wofomata akapanda kuzikopera, zonsezi zimapita.

Ndisanalembe kalikonse ndimayang'ana kaye pa Add-ins. Kuyambira pa Office 2007, pomwe Microsoft inachotsa mamenyu akale n'kubweretsa Ribbon, menyu yomangidwa ndi ma macro akale imaonekera pamenepo. Ikapezeka, ndimangomulozera mwiniwake, ndipo sindimulipiritsa.

Ikakhala kuti yapitadi, ndimakhala naye pansi. "Amama, batani loyamba linali lotani? Nanga lotsatira?" Ndondomeko yake ndi yofunika, chifukwa dzanja la munthu amene wagwira ntchito imodzi kwa zaka limadziwa kale popita. Mawu ndimalemba omwe iye watchula, kaya ndi a Chichewa kaya a Chitumbuka.

Kenako ndimadina Alt ndi F11 kuti nditsegule polembera VBA, n'kulemba tizigawo titatu. Koyamba kamafufuta menyu yakale ngati ilipo. Mukakaiwala, mabatani amachulukirachulukira nthawi iliyonse fayilo ikatsegulidwa. Kachiwiri kamamanga menyu kudzera pa CommandBars. Batani lililonse ndimalipatsa dzina pa Caption, ndipo pa OnAction ndimaliuza macro yoti liitane. Ndimaikanso Temporary kukhala True, kuti menyu isatsalire mu Excel ya eni ake. Kachitatu kamaichotsa potseka fayilo. Ndikatha, komanga kaja ndimakalumikiza ku Workbook_Open, kochotsa ku Workbook_BeforeClose.

Luso lonse lagona pamenepa: menyu ikhale m'fayilo, osati m'kompyuta. Zili ngati mmisiri woyenda ndi zipangizo zake m'thumba. Msungichuma akapita ndi fulashi yake pa kompyuta ya m'bale wake ku Chibavi kapena pa malo osindikizira m'tauni, fayilo ikangotseguka menyu imadzimanga yokha.

Pali lamulo lina la Reset, lobwezeretsa menyu momwe inabwerera kuchokera kwa opanga. Limathandiza pakakhala chisokonezo, koma limasesa ndi mabatani omwe anaikapo anzanu a ntchito. N'chifukwa chake ndimayamba ndafunsa.

Zinthu ziwiri ndimazibwereza kwa aliyense. Choyamba, fayilo isungidwe ngati xlsm; mukaisunga ngati xlsx ma macro onse amachotsedwa. Chachiwiri ndi chitetezo. Kuyambira mu 2022, Office imatseka ma macro a m'mafayilo ochokera pa intaneti, ndipo pamwamba pamabwera mzere wofiira. Ena amalangiza kuti mungolola ma macro onse. Ine ayi. Vayirasi ya Melissa, yomwe inasokoneza maofesi ambiri padziko mu 1999, inali macro ya mu Word. Ndimaphunzitsa munthu kudina Properties kenako Unblock pa fayilo yokhayo yomwe akudziwa komwe yachokera, kapena ndimamukonzera foda imodzi yodalirika.

Sindinyamuka mpaka mwiniwake atatseka fayilo, kuitsegulanso ndi kudina batani lililonse ndi dzanja lake. Ndimamusiyira kope lina pa fulashi ndi lina pa imelo yake, ma macro ali osatsekedwa ndi pasiwedi, kuti mmisiri wina aliyense adzathe kupitiriza. Tsiku logawana ndalama kumapeto kwa chaka, amayi a m'gulu atakhala kudikira masheya awo, msungichuma sayenera kuyamba kusakasaka ine kuti awerengere ndalama za anthu.