Zipsera ziwiri za asekuru ku Chilumba

Minibasi yathu inafera pa Chiweta, pomwe msewu umatsetsereka nyanja ili mbee kumunsi. Mabuleki ananunkha, dalaivala anaimika pambali, kondakitala anatola mwala n'kutchinga tayala. Tinakhala pamenepo maola atatu, malole akutipitirira mokwawa. Ndinkapita ku Chilumba ku chinkhoswe cha mwana wa achimwene. Chinkhoswecho chinayenda bwino, tinavina mpaka fumbi kobo, koma sichimene chandikhazika pansi kuti ndilembe.

Podikira makaniko, anthu anayamba kufunsana kochokera ndi kopita. Mtsikana wina wa mpando wakumbuyo anati amagwira ntchito ya kafukufuku wa zaumoyo, yoyenda khomo ndi khomo. Bambo wina wa jekete, amene anakumbatira laputopu kuchokera ku Mzuzu, anati, "Oho, ndinu aja opopa magazi a amphawi n'kukagulitsa kwa azungu?" Anthu anaseka. Mtsikanayo anangowerama n'kumapukuta fumbi pa nsapato.

Mtima wanga unawira. Munthu wopita kusukulu, wodziwa bwino kuti mu 2017 ku Mulanje ndi ku Phalombe anthu anaphedwa chifukwa cha mphekesera za anamapopa, angatulutse mawu otere pagulu, kuthengo, kukuyandikira mdima? Ndinamufunsa ngati ana ake anabayitsa katemera. Anati inde, onse. Ndinati nanga katemerayo anayamba wayesedwa pa mkono wa yani? Anandiyankha kuti ndisamulalikire, si tsiku la Sabata.

Patapita masiku awiri, alendo atabalalika, ndinakhala pakhonde ndi asekuru, agogo aamuna a kuchikazi. Anatiphikira mpunga wa Kilombero, umene fungo lake limakupeza uli kumsewu, osati uja timagula m'tauni wosakaniza ndi wina n'kumautchula dzina lomwelo. Ndinawafotokozera za pa Chiweta. Anaika supuni pansi, anapinda malaya, n'kundionetsa zipsera ziwiri zozungulira, zonyezimira, chilichonse kukula ngati njere ya chimanga.

"Ichi n'cha kusukulu," anatero. "Ichi n'cha a Lepra. Ndinali nditakwatira kale, mwana wanga."

Ambiri kummwera ndi pakati sitidziwa kuti ku Chilumba kuli kafukufuku amene anayamba mu 1979, pofuna kumvetsa matenda a khate. Anamuyambitsa ndi bungwe la LEPRA pamodzi ndi London School of Hygiene and Tropical Medicine, motsogozedwa ndi Jörg Pönnighaus ndi Paul Fine. Pambuyo pake ankatchedwa Karonga Prevention Study, lero ndi mbali ya bungwe la kafukufuku la MEIRU. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 magulu awo anayenda boma lonse la Karonga, mudzi ndi mudzi, kuunika khungu la anthu oposa 100,000. Asekuru amakumbukira kathonje. Woyesayo akapeza banga loyererako pakhungu, ankakuuza kuti utsinzine, n'kukukhudza ndi kathonjeko. "Wamva? Loza pomwe ndakhudza." Ukaloza polakwika, kapena osamva n'komwe, amadziwa kuti kachilombo kafika m'mitsempha.

Apa ndinasiya kudya, chifukwa agogo anga aakazi, amayi a mayi anga, anali ndi khate. Anali ndi mbale yawoyawo, yachitsulo, yokhala ndi kansalu kofiira komangidwa pa chiboo cha m'mphepete kuti isasokonekere ndi zina. Anabisa banga lawo mpaka zala zinafa dzanzi, ankapsa ndi mphika osamva. Ife ana ankatiletsa kukhala pamiyendo pawo. Ndakula ndisanamvepo mawu akuti khate akutchulidwa mokweza pakhomo pathu, ndipo apa nkhalamba inali kuwatchula pakati pa chakudya ngati ikunena za chimfine.

Chipsera chachiwiricho chinachokera pa kuyesa katemera kwa pakati pa 1986 ndi 1989, pamene anthu oposa 120,000 a m'bomalo anapereka mikono yawo. Zinkadziwika kale kuti BCG, katemera wa chifuwa chachikulu amene ana amabayidwa ali makanda, amatetezakonso khate, popeza tizilombo ta matenda awiriwa n'tapachibale. Funso linali lakuti kubwereza kachiwiri kungawonjezere mphamvu? Wobayidwa sankauzidwa ngati walandira katemera weniweni kapena jakisoni wopanda mankhwala, kuti zotsatira zisakondere. Asekuru akuti akuluakulu anakhala pansi kukambirana, ena anakana, iwo analola chifukwa malume awo analibe zala zakumapazi.

Yankho linatuluka mu 1996. Kubwereza BCG kunachepetsa khate ndi pafupifupi theka, koma pa chifuwa chachikulu cha m'mapapo sikunathandize. Katemera yemweyo amene anateteza bwino achinyamata ku Britain, kuno analephera pa matenda omwe anapangidwira, n'kugwira ntchito pa ena. Atayerekeza magazi a achinyamata a ku Karonga ndi a ku Britain anapeza kuti matupi a athuwa anali atakumana kale ndi abale a tizilomboti amene amakhala m'dothi ndi m'madzi, kotero katemerayo sankasintha zambiri pa chitetezo chawo. Aliyense amene lero akuyesa kupanga katemera watsopano wa TB amayenera kulimbana ndi zimene zinapezeka ku Karonga.

Za magazi sindibisa, chifukwa ndi pomwe bambo wa jekete uja anaponda. Inde, magazi ankatengedwa, timadontho ta pachala todonthezera pa kapepala n'kuumitsa. Timapepala ta kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 titayesedwa pambuyo pake, tinaonetsa kuti HIV inali italowa kale ku Karonga boma lisanalengeze wodwala Edzi woyamba mu 1985. Munthu ali ndi ufulu wofunsa kuti magazi ake asungidwa kuti, mpaka liti, ndipo adzawayesa chiyani. Funso limenelo ndimalilemekeza, ndipo ofufuza aziliyankha m'chinenero cha mwini magazi, asanamubaye. Koma kufunsa n'kosiyana ndi kuloza chala mwana wa eni m'minibasi.

Chimene chikundipwetekabe n'chakuti zonsezi ndazimva ndili ndi imvi, pakhonde la eni. Kusukulu tinaloweza mayina a azungu oyendera nyanja, koma palibe anatiuza kuti alimi a mpunga ndi asodzi a usipa a boma limodzi anathandiza dziko lonse kumvetsa katemera. Malawi anafika pa mlingo wa WHO wothetsa khate ngati vuto lalikulu mu 1994, ngakhale odwala atsopano akupezekabe, ndipo mankhwala ake ndi aulere, a miyezi 6 kapena 12.

Nditafika kunyumba ndinaimbira mayi foni. Ndinawafunsa za mbale ya kansalu kofiira ija, koyamba m'moyo wanga. Anakhala chete nthawi yaitali mpaka ndinayesa netiweki yathawa. Kenako anati mbaleyo inaikidwa m'manda pamodzi ndi agogo, chifukwa panalibe wofuna kudyeramo.