Okwera sitima opanda kopita

Pa phunziro la kakulidwe ka munthu, anzanga anathamangira mitu ya ana ndi achinyamata. Ine unanditsalira wa ukalamba, ndipo kuwerenga kunandifikitsa ku South Korea, dziko limene ndinkangolidziwira pa mafoni a Samsung ndi mafilimu.

Mumzinda wa Seoul muli paki yotchedwa Tapgol. Kwa zaka zambiri abambo okalamba akhala akusonkhana kumeneko. Kale ena ankasewera janggi, yomwe ndi chess ya kwawoko, ena ankangoonerera. Amabwera pa sitima zoyenda pansi pa nthaka, pakuti munthu akakwanitsa zaka 65 salipiranso. Ena alibe n'komwe kopita. Amakwera mpaka kumene njanji yathera, n'kubwerera madzulo kunyumba kopanda wowafunsa kuti aswera bwanji.

Ambiri mwa abambowa anakula nkhondo ya 1950 mpaka 1953 itangosakaza dziko lawo. Ndi amene anakhetsa thukuta m'mafakitale mpaka dziko losauka lija linalemera. Mwambo unkati mwana wamwamuna woyamba ndiye adzasunge makolo, choncho ndalama zawo zinathera pa sukulu ya ana. Penshoni ya dziko lonse inayamba mu 1988, ambiri atapita kale patali ndi ntchito. Lero ana ali kwaokha, ndipo pa okalamba 10 alionse, pafupifupi 4 ali pa umphawi.

Poyamba ndinkati vuto lonse ndi ndalama. Koma amayi okalamba okhala okha ndi ochuluka kuposa abambo, ndiponso ndi osauka kwambiri, komabe amene amafa popanda wodziwa ndi abambo. Imfa yotereyi ili ndi dzina lake, godoksa: munthu kumwalira yekha m'nyumba, n'kudzapezeka patapita masiku. Boma linawerenga imfa zotere 3,378 mu 2021, ndipo amuna anaposa akazi kasanu. Ambiri anali a zaka za m'ma 50 ndi 60, ukalamba weniweni usanafike n'komwe.

Apa ndi pamene ndinaima nthawi yaitali. M'mabanja amenewa mkazi ndiye ankaphika, ankaimbira ana foni, ankadziwa m'bale amene wadwala. Mwamuna anali ndi ntchito basi, ndipo anzake anali a kuntchito komweko. Ntchito ikatha, mkazi n'kumwalira kapena banja n'kutha, zonse zimapita pamodzi. Nyumba zochezeramo okalamba, zimene amati gyeongnodang, zilipo m'madera ambiri, koma mumadzaza amayi, ndipo bambo amene sanazolowere kupempha kanthu amachita manyazi kulowamo. Maboma ena aang'ono ayamba kuphunzitsa abambowa kuphika. Ena amagwiritsa ntchito pulogalamu ya kampani ya Naver, imene imaimbira okalamba foni n'kuwafunsa ngati adya ndiponso ngati agona bwino. Ine izi zinandimvetsa chisoni, ngakhale ndikuvomera kuti foni ya makina iposa foni yosalira.

Ndikulemba pepala langa, maganizo ankangothawira kwa agogo anga aamuna. Chimwalirireni agogo aakazi amakhala okha. Timawatumizira ndalama mwezi ukatha, n'kumati takwanitsa. Tikawafunsa za moyo, yankho ndi limodzi lomwelo: "Ndili bwino, musade nkhawa." Mpaka pamenepo ndinkawakhulupirira.

Tsiku limene ndinapereka pepalalo ndinawaimbira. Anandifunsa kawiri kuti kwagwanji, popeza sindinkaimba popanda nkhani. Nditati palibe, anakhala kaye chete, kenako anayamba kundifotokozera za mbuzi yawo imene yaswa ana awiri. Tinacheza mpaka mayunitsi anandithera.