Fungo la m'nyumba ya migolo

Mwana wanga wamkazi ndi namwino ku Cape Town. Mu February chaka chatha ananditumizira tikiti kuti ndikapume kwa iye masabata awiri. Tsiku lina madzulo anati, "Adadi, mawa tipita ku Stellenbosch mukaone kumene amapanga vinyo." Ndinamukumbutsa kuti ine sindimwa. Iye anaseka. "Kumeneko amalawa n'kulavula. Palibe amene akakuduleni mu mpingo."

Tinanyamuka m'mawa, ulendo wa makilomita pafupifupi 50. Titayandikira, mizere ya mphesa inayamba kuoneka mbali zonse za msewu mpaka m'tsinde mwa mapiri. Pafamu imene tinafikira panali nyumba yoyera mbee, yofolera ndi udzu, ndi mitengo ikuluikulu ya oak yopereka mthunzi. Tinalipo alendo khumi ndi awiri, ambiri ochokera ku Germany. Wotiyendetsa anali mtsikana wansangala. Anayamba ndi mbiri: vinyo woyamba ku Cape anafinyidwa pa 2 February 1659, m'nthawi ya Jan van Riebeeck, ndipo Simon van der Stel anakhazikitsa Stellenbosch mu 1679. Kenako anatisonyeza zithunzi za eni famuyo pakhoma, agogo, mwana, mdzukulu, aliyense ndi dzina lake pansi. Anthu anajambula ndi mafoni. Nanenso ndinajambula.

Inali nyengo yokolola. M'munda munali amuna ndi akazi atavala zipewa, akudula mphesa ndi timasizasi n'kumaponya m'makreti. Anatiuza kuti amayamba kusanache, chifukwa mphesa zikathyoledwa dzuwa litaswa mtengo zimafika kofinyira zitatentha, ndipo vinyo wake sakoma. Ndinalawa imodzi. Inali yaing'ono, yachikopa chokhuthala, yanthangala zambiri, koma yotsekemera kuposa zogula m'sitolo.

Kuchoka pamenepo tinalowa m'nyumba yozizira ya matanki achitsulo ndi migolo yamatabwa. Nditangoponda pakhomo ndinaima. Fungo lotsekemera, lowawasa pang'ono, lolasa m'mphuno, ndinalizindikira thupi lonse mutu usanaganize. Linali fungo la kuseri kwa khitchini ya amayi anga ku Ntcheu.

Mtsikana uja ankafotokoza kuti yisiti amadya shuga wa m'madzi a mphesa n'kutulutsa mowa ndi mpweya, kuti vinyo wofiira amawira pamodzi ndi makoko ake kwa sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo ndi makokowo amene amampatsa mtundu. Pambuyo pake amamuthira m'migolo ya malita 225 kuti akhwime kwa miyezi yambiri. Anati katswiri wawo amayeza shuga tsiku lililonse ndi kachipangizo, koma amadaliranso lilime ndi mphuno yake. Alendo anagwedeza mitu mwaulemu.

Ine maganizo anali kwina. Bambo anga anapita ku Joni ndili ndi zaka zinayi, n'kutchona. Amayi anatsala ndi ana asanu ndi kamunda kosakwanira chakudya cha chaka. Anayamba kutcheza kachasu. Ankaviika madeya ndi shuga m'mgolo, n'kuvindikira ndi thumba. Analibe chipangizo choyezera. M'mawa uliwonse ankagunditsa khutu pamgolopo n'kumvetsera. Ukamalira kuti sooo, ankati sunapse. Ukakhala chete, ankaviikamo chala, kulawa, n'kutituma kokatola nkhuni. Fizi yanga yonse ya ku sekondale inachokera m'mgolo umenewo, velemoti ndi velemoti.

Kusukulu ndinkanena kuti amayi amagulitsa tomato. Nditayamba ntchito ndinawapempha kuti asiye, ndipo anasiyadi. Anabwerera mu mpingo, nalowa Mvano. Ana anga anawadziwa choncho, agogo a bulauzi yoyera ndi duku loyera, mpaka tsiku limene tinawaika m'manda. Za mgolo sindinauzepo mwana aliyense.

Tinatuluka kukakhala patebulo lalitali pamthunzi. Patsogolo pa munthu aliyense panali matambula asanu, pakati pali kachidebe kolavuliramo. Anatiphunzitsa kugwira tambula kukamwendo kake kuti dzanja lisatenthetse vinyo, kuipendeketsa kuti tione mtundu, kuizunguza, kununkhiza, kumwa pang'ono n'kuyendetsa m'kamwa, kenako kulavula. Tinayamba ndi woyera wotchedwa Chenin Blanc. Wachinayi anali Pinotage, mtundu wa mphesa wobadwira komweko, umene Abraham Perold anaupanga mu 1925 pokwatitsa Pinot Noir ndi Cinsaut. Mtsikana uja anafunsa aliyense chimene akumva. Anzanga ankatchula zipatso zakwawo zimene ine sindinazionepo. Itafika nthawi yanga ndinati ndikumva bwemba ndi utsi wa nkhuni zonyowa. Mwana wanga anamasulira bwemba m'Chingerezi, ndipo mtsikanayo anaomba m'manja, nati ndili ndi mphuno yabwino, kodi ndinaphunzira kuti? Ndinangomwetulira.

Titamaliza tinayenda pang'ono awiriwiri. Kuseri kwa nyumba yaikulu kunali belu lakale lopachikidwa pakati pa zipilala ziwiri zoyera. Wotiyendetsa uja sanatifikitseko. Mwana wanga ndiye anandiuza kuti mabelu otere ankaitanira akapolo kuntchito, ndipo ena mwa akapolowo anagulidwa kumadoko a Mozambique, kufikira ukapolo utathetsedwa ku Cape mu 1834. Anatinso kwa zaka zambiri pambuyo pake antchito a m'mafamu ankalipidwa gawo la malipiro awo ndi vinyo, mchitidwe umene amautcha dop. Lamulo linauletsa, koma chizolowezi chakumwa chinatsalira m'mabanja. Kuchipatala amalandira ana amene mowa unawavulaza ali m'mimba mwa amayi awo. "Amenewo zithunzi zawo simuzipeza pakhoma lija," anatero.

Mawuwo anandibaya, pakuti nanenso ndinali ndi khoma langa, ndipo ndinali nditasankha chithunzi chopachikapo. Tinakhala pabenchi, ndipo ndinamuuza zonse: madeya, shuga, mgolo, apolisi amene anabwera kawiri n'kutaya mowa pansi, bodza la tomato. Sindinabise mbali inayo. Ndinamuuza za bambo wina woyandikana nafe amene anagulitsa mbuzi zake imodziimodzi n'kumwera pakhomo pathu, ana ake akugona ndi njala, ine ndikupita kusukulu ndi nsapato. Amayi ankadziwa zimenezo. Nthawi zina ankamukaniza mowa, nthawi zina ankalandira ndalamayo chifukwa teremu inali pafupi kutsegulidwa.

Mwana wanga anakhala chete nthawi yaitali, akuyang'ana antchito amene ankakweza makreti pathirakitala. Kenako anati, "Ndiye kuti unamwino wangawu unayambira m'mgolo wa agogo?" Ndinavomera ndi mutu. "Nanga bwanji simunatiuze akali moyo, adadi? Ndikanawafunsa." Yankho ndinalibe. Ndinali nditalipira ndalama kuti ndidzaone luso la anthu achilendo, ndi kulijambula, pamene luso lomwelo la mayi wondibereka ndinalikwirira zaka makumi anayi. Akulu amati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Mwambiwu ndinkaunena bwino pamaso pa anthu.

Pasitolo yapafamupo sitinagule kanthu kupatula botolo la madzi. Pobwerera, titangolowa mumsewu waukulu, mwana wanga anazimitsa wailesi. "Tandiuzeni mmene ankapangira. Muyambe poyamba penipeni." Ndinaganiza kuti ndinaiwala, koma zonse zinabwera mwadongosolo: kumata chivindikiro ndi dothi kuti nthunzi isathawe, kulowetsa paipi m'kabwato ka madzi ozizira, kuchepetsa moto kuti zisapserere, kuika padera botolo loyamba, la mutu, loyaka ukaliyandikiza machesi. Ntchito yanga inali kusintha madzi a m'kabwato akafunda, ndipo amayi ankadziwa kuti ndachedwa pongoona mmene madontho akugwera. Tinafika ku Cape Town ndisanamalize kufotokoza, ndiye anaimika galimoto panja pa geti, n'kuzimitsa injini kuti ndipitirize.