Kuyenda Naye Wodwala Nachonso Ndi Chifundo

Kwathu kuno kunyanja munthu akadwala timamuyalira mphasa pakhonde n'kumuletsa kugwira kanthu kalikonse. Timatero chifukwa cha chikondi. Koma kwa wodwala khansa ya m'mapapo, kugona usana wonse kumamulanda tulo ta usiku, chikhalirecho Surat An-Naba imatchula tulo pakati pa madalitso amene Allah adatipatsa.

Ine izi ndidaziona mwa amalume anga, amene adagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa ndipo adasuta fodya zaka zambiri. Atawapeza ndi nthendayi, ankachezera usiku wonse mpaka adhana ya Fajr, akutsokomola, kubanika ndi kudandaula za ana awo. Kukacha ankangosinza pamphasa, ndiye usiku tulo tikanachokera kuti? Dokotala adatilangiza kuti tiziwayendetsa pang'ono tsiku ndi tsiku. Tidayamba ndi kukafika pamtengo wa mango wa kuseri kwa nyumba, kenaka kumzikiti nthawi ya Asr, pomaliza mpaka kudoko kukaona asodzi akukocheza. Khansa sidathe ayi, koma patapita milungu ingapo adayamba kugona ndithu, mpaka wina kuchita kuwadzutsa kuti aswali.

Chifukwa chake n'chakuti thupi limazindikira usana ndi usiku kudzera m'kuwala kwa dzuwa ndi kutakataka. Munthu akabindikira m'nyumba, nthawi ziwirizi zimasokonekera, minofu imafooka, ndipo kupuma kumavutirabe. M'chaka cha 2016 akatswiri a ku Taiwan adafalitsa zimene adapeza atafufuza odwala khansa ya m'mapapo 111. Amene ankayenda mphindi 40 katatu pa sabata kwa milungu 12 ankagona bwino kuposa anzawo amene sadatero.

Komatu tisakokere wodwala ngati khoka. Yambani mwafunsa achipatala. Ayambe ndi mphindi zisanu kapena khumi, m'mawa kapena dzuwa litapendeka, pa liwiro loti angathe kucheza nanu. Akamva chizungulire, kupweteka pachifuwa kapena m'mafupa, akatentha thupi kapena kutsokomola magazi, aime msanga ndipo mupite naye kuchipatala. Tulo ta masana tikhale tochepa, tiyi asamwe usiku, ndipo pogona mumutsamiritse mapilo kuti mutu ndi chifuwa zikwere.

Chipembedzo chathu chimadziwa malire a thupi. Mtumiki Muhammad (S.A.W.) adalola Imran bin Husain, amene ankadwala, kuswali chokhala akalephera kuimirira, ndi chogona cham'mbali akalephera kukhala. Phunziro lake n'lakuti wodwala azichita zimene angathe, ndipo ife tisamulande ngakhale zochepazo.

Choncho mukapita kukazonda wodwala wotere, mukatha kumupangira dua, mugwireni mkono muyende naye kufika pampanda ndi kubwerera. Allah achiritse odwala athu ndipo awapatse tulo tabwino. Ameen.